M'tinyumba ta Udzu ta ku Kabwata: Moyo wa Mmisiri Wacinyamata

Munthu akacoka pakati pa mzinda wa Lusaka, nasiya mseu wa Independence ndi kulowa mu mseu wa Burma, amayenda pakati pa nyumba za njerwa, masitolo ndi maminibasi oliza mahutala kosalekeza. Asanapite patali amaona cinthu cimene sanaciyembekeze m'tauni yaikulu: tinyumba tozungulira ta madenga a udzu, tondandalikana pansi pa mitengo, ngati kuti mudzi wina wa kwathu unanyamulidwa usiku ndi kutulidwa pakati pa mzinda. Pamenepa ndiye pa Kabwata Cultural Village. Mlendo asanalonjeredwe ndi munthu ali yense, amayamba kumva kugogoda kwa nsompho pa mtengo wouma, ndipo mphuno zake zimalandira fungo la utuci ndi polishi.

Mbiri ya tinyumbati

Tinyumbati sitinamangidwe cifukwa ca luso ai. M'caka ca 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu la Northern Rhodesia kucoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka, ndipo mzinda watsopanowo unafuna manja ambiri: omanga, okumba ngalande, amtengatenga a m'maofesi ndi anchito a m'nyumba za azungu. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 anthu amenewa anawamangira tinyumba ta cipinda cimodzi, tambirimbiri, kunja kwa malo okhala azungu. Maganizo a olamulira nthawi imeneyo anali akuti munthu wakuda ndi mlendo cabe m'tauni: abwere yekha, asiye mkazi ndi ana kumudzi, agwire nchito, mphamvu zikatha abwerere kwao.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, tinyumba tambiri tinagwetsedwa ndipo m'malo mwake munamangidwa nyumba zosanja zimene tiziona lero ku Kabwata. Tinyumba 43 tokha tinasiyidwa, ndipo mu 1974 tinapatsidwa nchito yatsopano, yosunga amisiri a zamanja ocokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lathu. Motero malo amene anamangidwa pofuna kukumbutsa makolo athu kuti m'tauni si kwao, asanduka malo amene miyambo ya kumidzi yakhazikika pakati peni-peni pa likulu.

Ukayenda m'tinjira ta pamudzipo, umayenda m'Zambia yense m'mphindi zowerengeka. Apa pali madengu a makenge olukidwa ndi mizu, ocokera ku cigawo ca Kumadzulo. Apo pali madengu a Atonga a ku cigwa ca Gwembe, okhala ndi mizere yofiirira. Patsogolo papacikidwa nkhope za makishi za anzathu a ku cigawo ca Kumpoto ca Kumadzulo, ndipo pambali pake pali ng'oma, tulimba, mipando, mikanda, zitenje, zibangili za mkuwa ndi tinthu tosemedwa ku mwala wobiriwira. Koma zocuruka koposa ndi nyama za mtengo: njobvu, mvuu, zipembere, ng'ona ndi anyamalikiti a makosi atali-atali. Amisiri amalankhulana Cilozi, Ciluvale, Citonga ndi Cibemba, koma pa malonda zilankhulo zonsezi zimakumana pa Cinyanja ca m'tauni, ndipo pakafika mzungu Cizungu cimaturuka, cothyoka kapena coongoka.

Mnyamata wa ku Katete

Kuseri kwa kanyumba kena, pamthunzi, ndinapeza mnyamata atakhala pa citsa, atapana cidutswa ca mtengo pakati pa mapazi ake. Dzina lake ndilisunga, pakuti iye mwini sakonda kuchuka asanacite cinthu comuchukitsa. Nditamva kalankhulidwe kake ndinadziwa kuti ndi wa kwathu kum'mawa.

“Mwacoma bwanji, atate? Khalani apa, koma samalani utuci ungakudetsereni buluku,” iye anatero, napukuta kampando ndi dzanja.

Kwao ndi ku Katete, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kucoka ku Lusaka. Luso lake linayambira kudambo, kumene anyamata oweta ng'ombe amaumba ng'ombe zadothi za nyanga zazitali ndi kuzimenyanitsa. Zake ndizo zinali kusiririka, cifukwa anali kuziika linunda ndi makwinya a pakhosi. Madzulo anali kukhala pafupi ndi ambuye ake aamuna, amene anali kusema mitondo, misi, mipini, mithiko ndi zipande za mudzi wonse. Kumeneko anaphunzira kuti mtengo uli ndi njira yake, ndipo wosema akaulimbana nao m'malo moutsata, umang'ambika.

Atamaliza Giredi 12 ndalama za kukoleji zinasowa. Anakwera basi ya m'mseu wa Great East, nadutsa Sinda, Petauke ndi Nyimba, ndipo basi itaima pafupi ndi mlatho wa Luangwa anaona madengu, mphasa ndi zipewa zamlaza zitapacikidwa m'mbali mwa mseu, anthu apaulendo akupikisana kugula. Iye akuti pamenepo ndi pamene anayamba kukhulupirira kuti nchito ya manja ingathe kudyetsa munthu. Ku Lusaka anafikira kwa mbale wa amai ake ku Chawama, ndipo patapita miyezi ya maganyu, mkulu wina wosema pa Kabwata anamulola kukhala pambali pake. Mkuluyo si wa mtundu wake, ndi wa ku cigawo ca Kumadzulo, koma mnyamatayo amamucha amalume, ndipo mkuluyo amamucha mphwanga.

Kuyambira m'mawa mpaka madzulo

Tsiku lake limayamba kusanace. Amatunga madzi pa pompi ya m'komboni, namwa tiyi ngati shuga alipo, ndi kuyamba ulendo wapansi kuti asunge ndalama ya minibasi. M'nyengo yadzinja, pamene madzi amadzaza m'tinjira ta m'makomboni, nsapato amazinyamula m'manja. Akafika amasesa pabwalo, naturutsa katundu yense amene anagona m'kanyumba, napukuta fumbi pa njobvu iri yonse, ndi kuzindandalika monga mwa misinkhu yake. Izi zikatha ndiye amakhala pansi kuyamba kusema.

Caka cake coyamba sanaloledwe kugwira nsompho. Nchito yake inali sandipepa basi, kukwecesa zimene ena asema, kuyambira ndi sandipepa wokhakhala, kenaka wapakati, potsiriza wosalala. Zala zinasupuka, cifuwa cinadzala fumbi, ndipo kangapo anaganiza zosiya. Koma amalume akewo anali kudziwa cimene anali kucita: munthu amene wasisita miyendo ya njobvu mazana angapo, manja ake amadziwa maumbidwe a mwendo wa njobvu asanauseme. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero amasema yekha kuyambira pa cipika mpaka kumapeto. Coyamba ndi kusankha mtengo wouma bwino, pakuti mtengo wauwisi umanyenga: cosemaco cimaoneka cokongola pa tsiku logula, koma cikauma m'nyumba ya wogula cimang'ambika, ndipo mbiri ya wosema imang'ambika naco pamodzi. Akadula ndi sowo, amalemba cithunzi ca nyamayo ndi khala. Nsompho imacotsa zikuluzikulu, chizulo ndi mpeni zimatulutsa makutu, maso ndi citamba, tupa imasalaza m'makona, kenaka sandipepa. Potsiriza amapaka polishi, wa pansi kapena wa nsapato, nakwecesa ndi burashi mpaka mtengo uwale. Kanjobvu kokwana m'dzanja kangathe tsiku limodzi. Cinthu cacikulu cimadya sabata kapena kuposa.

Dzuwa likafika pamutu, nsompho zimakhala cete. Amisiri oyandikana amasonkha, wina ufa, wina kapenta, wina repu kapena ciwawa, ndipo nsima imadyedwa m'mbale imodzi. Tsiku limene mmodzi sanagulitse kanthu amadyabe, cifukwa onse adziwa kuti mawa tsoka lomwelo lingagwere wina. Pa nsima pomwepo ndi pamene amagawana nchito ngati wina walandira oda yaikulu imene sangaithe yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Malonda a pa Kabwata

Galimoto ikaima pa cipata, maso onse amadzuka. Wogula amatola cinthu, nacitembenuza, nafunsa mtengo, ndipo akauzidwa amaseka ndi kuchula theka lake. Wogulitsa amadandaula, wogula amayamba kucoka, wogulitsa amamuitana, ndipo amakumana pakati. Amene amaona masewerawa angaganize kuti onse akondwa. Koma mnyamatayo anandiwerengera pa zala zimene zimabisala m'kanjobvu kamodzi: ndalama ya mtengo, ya wonyamula mtengowo, ya sandipepa, ya polishi, ndi gawo la mwini malo. Zimene zimatsala ndizo malipiro a tsiku lathunthu la thukuta. Anandiuza kuti alendo akunja amanenerera, koma amene amatsitsa mtengo mopanda cifundo kawiri-kawiri ndi ife eni dziko, ife amene sitinenerera tikamagula maluwa apulasitiki m'sitolo.

Malonda ali ndi nyengo monga ulimi. M'miyezi yopanda mvula, pamene alendo amabwera kudzaona nyama ku Luangwa ndi ku Kafue ndiponso mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndalama imaoneka. Mvula ikagwa alendo amacepa, ndipo pamatha masiku popanda wofunsa ngakhale mtengo. Wanzeru amasema kwambiri m'dzinja ndi kusunga katundu, monga mlimi asunga cimanga m'nkhokwe. Koma pali zaka zimene nkhokwe sithandiza. Mu 2020, matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno m'mwezi wa March, maulendo a pakati pa maiko anaima ndipo amisiri m'dziko lonse anakhala ndi katundu wopanda womugula. Mu 2024 cilala cinatsitsa madzi a ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo amene anazolowera makina osalazira anabwerera ku sandipepa wa pamanja.

Bvuto lina, limene likukula mwakacetecete, ndi la mitengo. Mtengo wokondedwa ndi osema ndi mlombwa, umene ambiri m'tauni amaucha mukwa, uja umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi ukatemedwa. Subvuta kusema, sung'ambika wamba, ndipo ciswe sicimaukonda. Pali phingo, wakuda bii pakati pake, wolemera ndi wolimba, amene amabunthitsa zipangizo. Mitengo yonseyi imakula pang'onopang'ono, ndipo nkhalango zikutha ndi makala, minda yatsopano ndi malonda a matabwa. Nkhani ya mukula, m'bale wake wa mlombwa, amene anadulidwa mosasamala ndi kutumizidwa kunja, tonse tiikumbukira. Mu 2019 mukula unaikidwa pa mndandanda wa pangano la maiko lochedwa CITES, limene limayang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zingathe, ndipo mu 2022 mitengo yonse ya mu Africa ya banja limeneli, kuphatikizapo mlombwa, inalowa pa mndandanda womwewo. Wosema wamng'ono sadula nkhalango, koma ndiye amayamba kumva kuwawa mtengo ukakwera. Cifukwa cake mnyamatayo amatola zidutswa zotsala kwa akalipentala, ndipo akamva kuti pena pake adula jakaranda, mtengo uja umakongoletsa miseu ya Lusaka ndi maluwa ofiirira m'nyengo yotentha, amathamangirako ndi wilibala.

Cobisika pansi pa saka

Titaceza kwa nthawi, mnyamatayo analowa m'kanyumba natulutsa cinthu cokulungidwa m'saka. Cinali cosema ca mai wosenza cigubu ca madzi, mwana ali kumbuyo, dzanja limodzi litagwira cigubu, lina litakweza citenje kuti cisakhudze matope. Khosi la maiyo linali lopindika pang'ono ndi kulemera kwa madzi, ndipo zala za kumapazi zinali zotambasuka monga za munthu woopa kuterereka. Ali yense wokhala m'komboni angamuzindikire mai ameneyu, pakuti amakumana naye m'mawa uli wonse.

Amalume ake, amene anali kunola nsompho capafupi, anapukusa mutu.

“Mphwanga, ndakuuza kale. Mlendo afuna njobvu. Mai wako uyu adya masabata atatu, ndipo akali pano. Udzadya iyeyo kodi?”

“Ndamva, amalume. Njobvu ndisema m'mawa, uyu ndimusema madzulo,” anayankha mnyamatayo mwaulemu, maso ali pansi.

Onse awiri anena zoona. Mkuluyo waphunzitsa ana ake ndi ndalama ya njobvu ndi mvuu, ndipo adziwa kuti njala siyembekeza kuti munthu achuke. Mnyamatayo naye aona kuti akapitiriza kusema njobvu yomweyo zaka makumi atatu, manja ake adzakhala ngati cigayo, ndipo za moyo wa anthu ake sadzanenapo kanthu. Njobvu yamoyo sanaionepo ndi maso. Amaisema potengera ya mnzake. Koma mai wa cigubu amamudziwa, pakuti ndi mlongo wake, ndi mnansi wake, ndi amai ake omubala. Apa ndi pamene pali nkhondo ya mmisiri ali yense wongoyamba kumene: kupeza cakudya ca lero popanda kupha cimene cinamucititsa kugwira mpeni poyamba.

Mmisiri wa m'komboni

Ku Chawama anthu samudziwa ngati wosema, amamucha wopenta. Ndiye amalemba maina pa tuntemba, kujambula mitu yometedwa bwino pa khoma la wometa tsitsi, ndi nkhuku yonenepa pa citseko ca wogulitsa nkhuku. Pa sukulu ina yaing'ono ya m'komboni anajambula zilembo, manambala, ziwalo za thupi ndi mapu a Zambia ndi zigawo zake 10, kotero kuti ana osowa mabuku amawerenga khoma. Malipiro ake nthawi zina ndi ndalama, nthawi zina ndi penti wotsala m'citini, nthawi zina ndi zikomo cabe.

Kolera itabuka kumapeto kwa 2023 ndi kufalikira kuciyambi kwa 2024, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa, iye anajambula pa khoma la pafupi ndi pompi manja awiri akusamba ndi sopo, ndi cidebe ca madzi cobvundikira. Panalibe mau ambiri, cifukwa ambiri otunga madzi pamenepo ndi ana ndi agogo osadziwa kuwerenga. Cithunzi cimalankhula Cinyanja, Cibemba ndi Citonga nthawi imodzi.

Pa Sabata masana ana a m'komboni amasonkhana pakhomo pake. Alibe mapepala okwanira, motero amajambula pa makatoni ndi makala. Amaumba ndi dothi la m'ngalande, napanga magalimoto amawaya a mawilo a zitsekero za mabotolo. Iye amawaonetsa kuyang'ana cinthu asanacijambule: kuti mbuzi ipinda bwanji mwendo pogona, kuti mthunzi ugwa mbali iti. Makolo ena amakondwa kuti ana ali pamalo amodzi m'malo moyendayenda ku mabala. Ena amabwera kudzawakoka ndi khutu, amati kujambula ndi masewera a alesi. Mau omwewo iye anawamva pamene anakaonekera kwa makolo a mtsikana amene afuna kumanga naye banja. Atanena kuti ndi wosema, anamufunsanso kaciwiri kuti, nanga nchito yeni-yeni agwira kuti?

Njira imene ena anadzera

Pa masiku amene malonda ali zii, mnyamatayo amapita ku Showgrounds, kumene kuli nyumba ya zaluso yochedwa Henry Tayali, likulu la bungwe la Visual Arts Council of Zambia. Kumeneko amaona zithunzi ndi zosema za amisiri ena, namvetsera akamakambirana. Henry Tayali anabadwira ku Serenje mu 1943, anakulira ku Bulawayo, anaphunzira zaluso ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, ndipo anamwalira mu 1987. Cosema cake ca wophunzira womaliza maphunziro ciri pa Yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa mseu womwewo wa Great East umene mnyamatayo anadzera pobwera. Zithunzi zambiri za Tayali ndi za anthu wamba ounjikana m'misika ndi m'malo omwera, umboni wakuti moyo wa m'komboni ndi woyenera kujambulidwa.

Mu 1986 Tayali pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust, limene lathandiza amisiri ambiri ndi maphunziro ndiponso kugula nchito zao kuti zisathere kunja. Nyumba yake yoonetsera zaluso inatsegulidwa mu Lusaka mu 2018. Lamulo la mu 1994 linakhazikitsa National Arts Council, ndipo Lusaka National Museum inatsegulidwa mu 1996. Pa koleji ya Evelyn Hone papita amisiri ndi aphunzitsi a zaluso ambiri a dziko lino, ndipo kumeneko ndi kumene mtima wa mnyamatayo uli. Wayamba kusunga pang'ono-pang'ono m'foni yake. Foni yomweyo ndiyo sitolo yake yaciwiri: amajambula zosema zake, naziika pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo wogula wa ku Kitwe kapena ku Chipata angatumize ndalama pa foni, katundu nakwera basi.

Mau kwa makolo ndi alendo

Inu awerengi amene mudzafika ku Lusaka kudzaona abale, kudzagula katundu ku Kamwala kapena kudzaperekeza wodwala, patulani ola limodzi mukaone Kabwata, ndipo mutenge ana. Musathamangire kufunsa mtengo. Yambani mwafunsa kuti anasema ndani, ndi mtengo wanji, ndipo zinatenga masiku angati. Pemphani kuona zimene ziri m'kati, pakuti zabwino koposa nthawi zina sizikhala pabwalo. Ngati pali ukwati, cikondwerero kapena kutsazikana ndi mnzanu wa pa nchito, mphatso ya mpando, dengu kapena mbale ya mlombwa idzakhala zaka zambiri kuposa zonyezimira za m'sitolo, ndipo ndalama yake idzagula ufa m'nyumba ya m'Zambia mnzanu.

Kumidzi kwathu, kumene mlombwa ukali kumera, tiusiye m'munda tikamalima ndipo tiuteteze ku moto wa lupsa, cifukwa mtengo umene mdzukulu adzasema uyenera kuyamba kukula lero. Ndipo mukapeza mwana wanu walemba nkhope ya aphunzitsi kumbuyo kwa kope la masamu, kapena wadetsa kabudula ndi dothi la ng'ombe zoumba, musafulumire kuthyola mkwapulo. Muuzeni amalize masamu ake, kenaka mupatseni pensulo ina ndi katoni yoyera. M'mera ndi poyamba.